Mbuzi za Anthu Akufa

Nkhani iyi ndaisunga m'mimba zaka ziwiri, ndipo ngakhale lero pamene ndikuilemba makutu akutentha. Ku ofesi kwathu ku Mtakataka sitiitchula. Wina akangoyamba kuti "paja nthawi ija ya mbuzi," ine ndimadzuka n'kupita kukaona ngati makina osindikizira mapepala akadali ndi inki.

Ndimagwira ntchito ku bungwe lina laling'ono lothandiza okalamba amene akulera ana amasiye. Ntchito yanga ndi yoyang'anira ndalama zimene opereka thandizo akunja amatipatsa: kuona kuti bajeti ikutsatidwa, kuti lisiti lililonse lili ndi chidindo, ndiponso kuti malamulo awo, amene amadzaza chifailo chonenepa ngati njerwa, sakuphwanyidwa. Kunena mwachidule, ndine munthu uja anzanga akamuona akubwera pepala lili m'manja amayamba kupapasa m'matumba.

Ntchitoyi imandiyenera. Ndinaleredwa ndi agogo anga makolo atamwalira, ndipo mwana wokula choncho amaphunzira msanga kukhala pakona, maso ali tong'o, pakamwa pali potseka. Ndimaona zinthu zambiri. Vuto ndi lakuti kuona ndi kumvetsa si pachibale kwenikweni.

Chaka chimenecho tinali ndi ntchito ya mbuzi zopatsirana. Gogo aliyense wolera ana amasiye ankalandira mbuzi ziwiri zazikazi, zovekedwa ndolo zachikasu zokhala ndi manambala, ndipo zikaswa, ana oyambawo ankapatsira mnzake. Amene ankayendetsa ntchitoyi m'midzi ya kuseri kwa Golomoti anali mayi Nkhoma, mzimayi wamtali woseka ndi thupi lonse, amene anayamba ntchito m'bungwemu ine ndisanalembe n'komwe mayeso a Fomu 4. Nditangofika ku Mtakataka ndiwo anandipezera nyumba ya lendi, ndipo akapita ku Bwanje ankandigulira mpunga pa mtengo wa alimi.

Mwezi wa Seputembala opereka thandizo anatiitanira ku Lilongwe ku maphunziro a masiku atatu a mmene tingatulukire chinyengo. Mayi wina wamagalasi wa ku ofesi yawo anatiphunzitsa za mizukwa, kutanthauza maina a anthu amene kulibe kapena anamwalira, amene amalembedwa pamndandanda kuti wina adye katundu wawo.

"Musamachenjeze munthu," anatero mayiwo. "Pitani mwadzidzidzi. Osavala malaya a bungwe, osakwera galimoto ya bungwe. Mukapeza chokayikitsa, tilembereni ife mwachindunji."

Ndinalemba zonsezo m'kope, n'kudula mizere iwiri kunsi. Ndinabwerera ku Mtakataka ngati munthu amene wagula nkhwangwa yatsopano: mtengo uliwonse unkaoneka wofunika kugwetsa.

Mtengo woyamba kuuona unali mafomu a mayi Nkhoma. Anthu khumi ndi awiri m'mudzi umodzi, mbuzi makumi awiri ndi zinayi, zala zonse zodinda bwinobwino, malisiti onse ali m'malo mwake, opanda ngakhale dontho la tiyi. (Taonani nzeru zanga: mafomu akasokonekera ndimakayikira, akakhala abwino ndimakayikiranso.) Ndinaganiza zokaona ndekha.

Loweruka m'mawa ndinabwereka njinga yamoto ya eni nyumba anga. Inali yofiira, yogula kwa anthu ena itagwirapo kale ntchito, pathanki pali zotsalira za chomata chimene wina anayesa kuchikanda, pakaliyala pali chingwe chamanila chokulungidwa bwino. Ndinavala shati yoyera, thalauza lakuda ndi chipewa cha njinga chophimba nkhope yonse, chifailo chakuda ndinachipana m'khwapa. Sindinauze munthu. Sindinadzere kwa amfumu kapena kwa a komiti ya mudzi, poti malamulo anati mwadzidzidzi.

Ndinafika dzuwa litayamba kuluma. Pansi pa mlambe panali abambo angapo akusewera bawo. Atangoona njinga, mmodzi anadzuka n'kuyenda mofulumira kulowera kuseri kwa nyumba. Ndinatsegula chifailo n'kulemba kuti: "Wina wathamanga kukachenjeza." Pamenepa ndinalondola. Ndi chinthu chokhacho chimene ndinalondola tsiku limenelo.

"Ndikufuna kwa a Mariya Tebulo," ndinatero, moni wake wa mawu amodzi, chipewa chili kumutu.

Bambo wa malaya ong'ambika paphewa sanadzutse n'komwe mutu. "Ndani?"

"Mariya Tebulo."

"Alamu, dzina limeneli mukulimva?"

"Si aja anapita ku Mozambiki?"

"Eee, omwewo! Anasamuka kalekale, bambo. Mwina mukafunse kumalire."

"Nanga mbuzi zawo?"

"Mbuzi? Mudzi uno mbuzi zinatha ndi chitopa."

(Chitopa ndi matenda a nkhuku. Ndinkadziwa. Koma ndinalemba.)

Nyumba yachiwiri ndinapeza mayi akupeta mpunga. Pambali pa nyumba panali khola la m'mwamba, lomangidwa ndendende monga mmene bungwe lathu limaphunzitsira, koma mulibe kanthu. Pansi pake panali ndowe zaziwisi, zonyezimira.

"Kuno ndi kwa a Lusiya Kamanga?"

"Sindinamvepo dzina limenelo."

"Nanga khola ili ndi la chiyani?"

Mayiwo anayang'ana kholalo ngati akuliona koyamba. "La nkhunda."

"Nkhunda zake zazikulu bwanji?"

"Zinali zamtundu. Zinauluka."

Nthawi yomweyo m'nyumba munamveka chinthu chikuyamba kuti "mee," n'kudukiza ngati wina wachigwira kukamwa.

"Abambo akunyumba amenewo," anatero mayiwo, lichero likupitiriza kuvina m'manja. "Chifuwa chawavuta sabata yonse."

Mwina mukuganiza kuti apa ndinazindikira. Ayi ndithu. Ndinakhala pa njinga n'kusonkhanitsa zimene ndinaona: khola, ndowe, mbuzi yobisika, mwini dzina kulibe. Ndinapeza yankho lakuti mayi Nkhoma amabwereka mbuzi za anthu wamba pojambula zithunzi za malipoti, ndipo anthuwo akuwabisira. Ndinadzitamanda mumtima. Thukuta linali kuyenderera m'chipewa ngati ndili mumphika, koma ndinamva kukoma.

Ndinayenda nyumba zonse. Kulikonse zitseko zinali zotseka kapena anthu anali alendo ofika dzulo. Pomaliza ndinapeza agogo ang'onoang'ono a duku lobiriwira atakhala pakhonde akusenda nandolo. Awa okha ndinawagwadira n'kukweza galasi la chipewa, chifukwa munthu wokalamba sindingathe kumulankhula chiimire.

"Agogo, ndikufuna a Felesita Jailosi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana chifailo. Anasuzumira njinga imene ndinaimika pamsewu. Kenako anaika mbale ya nandolo pansi n'kuusa moyo.

"Afelesita. Mwachedwa, mwanawe. Tinawaika m'manda mwezi wa Juni."

Fomu inkanena kuti anadinda chala mu Ogasiti. Ndikuvomereza pamaso panu kuti mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Munthu akundiuza za maliro, ine ndikukondwa kuti ndapeza mzukwa wanga woyamba.

"Anadwala chiyani?"

"Anangoti mutu, mutu, basi. Munthu wabwino ameneyo. Waukhondo, wopemphera, wosakonda ngongole. Mulembe zimenezo, wosakonda ngongole. Mudzi uno sadzapezekanso wotero."

"Inu munali nawo bwanji?"

"Pafupi kwambiri. Kudyera mbale imodzi, kugonera mphasa imodzi."

Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Manyazi a chimwemwe changa chija anandigwira, ndipo ndinapisa m'thumba n'kutulutsa K2,000, ndalama imene ndinasungira mafuta obwererera.

"Pepani, agogo. Kachipepeso."

Analandira ndi manja awiri. "Ambuye akudalitseni. Malemuwo akanakondwa kwambiri."

Pobwerera mafuta anathera pamsewu waukulu ndipo ndinakankha njinga mtunda wautali, koma sindinadandaule. Pa anthu khumi ndi awiri, atatu anasamuka, awiri anamwalira, otsalawo sankadziwika. Mbuzi yokhala ndi ndolo yachikasu sindinaone ngakhale imodzi.

Lamulungu nditachoka kutchalitchi (inde, ndinayamba ndapemphera) ndinalemba lipoti la masamba anayi, lokhala ndi mitu ndi manambala, n'kulitumiza pa imelo kwa mayi amagalasi aja. Kope lina ndinatumiza kwa mkulu wa bungwe lathu, bambo Zimba.

Lolemba bambo Zimba anandiitana n'kutseka chitseko.

"Achimwene, bwanji osayamba mwandiuza ine?"

"Malamulo akuti mwachindunji, bwana."

Anagwira mutu ndi manja onse awiri. Opereka thandizo anali ataimba kale foni. Ndalama zonse za ntchitoyo anaziimika, ndipo analamula kuti mayi Nkhoma aimitsidwe mpaka zitafufuzidwa. Zikapezeka zoona, nkhani ipite kupolisi.

Mayi Nkhoma analandira kalata yawo cha m'ma teni koloko. Atatuluka mu ofesi ya bambo Zimba anabwera pa desiki yanga, anaika makiyi a njinga ya bungwe, kenako anaweramira m'chikwama chawo n'kutulutsa jumbo ya mpunga.

"Mpunga uja munandituma."

Ndinalandira jumboyo.

"Munapita kwa anthu anga," anatero motsitsa mawu. "Munawauza kuti ndinu ndani?"

"Malamulo salola."

Anapukusa mutu n'kutuluka. Pofika Lachitatu, kumsika kunali kutamveka kale kuti mayi Nkhoma anagulitsa mbuzi za ana amasiye kwa anthu ootcha kanyenya. Munthu amene wakhala zaka zonsezo akuyenda m'midzi, matope ndi dzuwa, mwana wake ali kusekondale yogonera komweko, anayamba kugula ndiwo potuma anthu. Ine ndinadziuza kuti choonadi chimawawa. Mpunga uja sindinauphike.

Lachisanu mayi amagalasi anabwera kuchokera ku Lilongwe kuti adzadzionere okha. Tinakwera galimoto ya bungwe anthu anayi: iwo, bambo Zimba, mayi Nkhoma ndi ine. A komiti ya mudzi anali atauzidwa kuti kukubwera alendo odzaona mbuzi. Njira yonse ndinafungatira chifailo changa ngati khanda.

Tisanafike n'komwe pa mlambe paja tinamva nyimbo. Titakhota, ndinaona amayi akuvina, nthungululu zili pakamwa, ndipo pa mizu ya mlambe, pa zitsa, pa mtengo uliwonse woyandikira panali patamangidwa mbuzi. Zonenepa. Zonyezimira. Khutu lililonse lili ndi ndolo yachikasu.



Titakhala pamipando, mayi amagalasi anapereka mndandanda kwa mayi Nkhoma kuti aitane maina. Amagalasiwo anatsegula lipoti langa n'kugwira cholembera.

"Mariya Tebulo!"

"Ndilipo!" Anadzuka mayi wonenepa, wosaoneka n'komwe kuti wayenda ulendo wochokera ku Mozambiki.

"Lusiya Kamanga!"

Anadzuka mayi opeta mpunga aja, akukoka mbuzi ziwiri.

Dzina lililonse linayankha. Osamuka anali atabwerera, osadziwika anali odziwika ndi mudzi wonse. Ine ndinkangotsikira mumpando pang'onopang'ono, ndikupempha kuti nthaka ya ku Golomoti, imene imang'ambika yokha nthawi yotentha, ing'ambike ndithu tsiku limenelo.

"Felesita Jailosi!"

Duku lobiriwira linadzuka pakati pa gulu.

Mayi amagalasi anayang'ana lipoti, n'kuyang'ana agogowo. "Agogo, apa palembedwa kuti munamwalira mwezi wa Juni."

"Ndinamwalira, inde," anatero agogo Felesita. "Koma tsiku limodzi lokha."

Anthu anaseka mpaka mbuzi zinadzidzimuka. Wapampando wa komiti, amene sanali wina koma bambo uja anathamangira kuseri kwa nyumba, anaimirira kuti afotokoze. Anati chaka chapitacho anthu ambiri m'mudzimo analowa m'magulu a ngongole, ena kungolembetsa maina pothandiza anzawo. Mpunga utakanika, anthu a ngongolewo ankabwera kudzalanda katundu: mapoto, malata, mbuzi. Ankabwera pa njinga yofiira, yachomata pathanki, ndipo mbuzi ankazimanga ndi chingwe chamanila pakaliyala.

"Ndiye Loweruka lapitali," anatero wapampandoyo, "njinga yomwe ija yatulukira. Munthu wake nkhope yobisa, moni wosaoneka, chifailo chakuda, kufunsa maina, kufunsa mbuzi. Ife tikanatani? Amayi Nkhoma anatiuza kuti mbuzi izi si zathu tokha, n'za ana ndi za anzathu amene akudikira. Zina tinathamangitsira kubango kumtsinje, zina tinatsekera kuchipinda. Akazi anga anagona nayo imodzi pabedi mpaka madzulo."

"Munachita bwino kuteteza katundu," anatero mayi amagalasi, akuluma mlomo kuti asaseke.

Ndinali ndi chiyembekezo chimodzi chokha, chakuti chipewa chija chinandibisa. Koma ndinaiwala kuti munthu mmodzi ndinamukwezera galasi. Agogo Felesita anali akundiyang'anitsitsa, mutu utapendekeka.

"Iii! Si uyu? Si mwana wachifundo uja?" Anayandikira n'kundigwira dzanja. "Anthuni, uyu ndi amene anandipepesa! Chibadwire sindinaonepo wangongole wopereka chipepeso. Ndinauza anzanga kuti ameneyu ntchito imeneyi sakhalitsa." Anatsitsa mawu, koma mwa mtundu uja womveka mpaka kumsewu. "Ndalama ija ndinagulira shuga ndi sopo. Ndibweze, poti ndadzuka?"

Mayi Lusiya anakuwa ali chapatali kuti, "Bambo, nkhunda zija zabwerera!" Abambo a bawo aja ankamenyana m'mapewa, misozi ili mbwee.

Chimene chinandiwawa kwambiri si kuseka kwawoko. Ndili pampando paja ndinakumbukira ndili mwana, tsiku limene anthu achilendo ovala bwino anabwera kudzafunsa amalume anga. Agogo anawauza, nkhope ili gwa, kuti dzina limenelo sanalimvepo, amalumewo ali pansi pa bedi, phazi likuonekera. Ineyo ndinaphunzitsidwa kuti mlendo wosadziwika akafunsa munthu, yankho ndi lakuti kulibe. Ndinakula nazo zimenezi. Masiku atatu a ku Lilongwe, chakudya cha kuhotela ndi kope latsopano zinakwanira kundiiwalitsa kwathu.

Mayi amagalasi sanandikalipire. Anangonena kuti ndilembe lipoti lachiwiri lofotokoza loyambalo, ndipo ndilisainire ndekha. Anauza bambo Zimba kuti kalata ya mayi Nkhoma ichotsedwe tsiku lomwelo ndipo ndalama zitsegulidwa. Kenako anapepesa mayi Nkhoma pamaso pa anthu onse, ndipo amayi anayambiranso nyimbo.

Mayi Nkhoma okha sanaseke tsiku lonselo. Alendo akujambula zithunzi, ndinawapeza ataima paokha pamthunzi.

"Mayi, ndalakwa. Ndalakwa kwambiri."

Maso awo sanachoke pa mbuzi.

"Kufufuza ndi ntchito yanu, sindikukana," anatero. "Mawa mudzafufuzenso. Koma desiki yanu ndi yanga zatalikirana mapazi asanu. Imelo yanu inayenda mpaka ku Lilongwe, inu osayenda mapazi asanu. Kumsika kuja mukawauze ndani kuti sindine wakuba? Mukawatumizira imelo?"

(Mawa lake ndinapita ndithu kumsika, benchi ndi benchi, mpaka kwa ootcha kanyenya. Nkhani yoipa imakwera minibasi, yokonza imayenda pansi. Ena mpaka pano amakhulupirira kuti utsi sufuka popanda moto, ndipo moto umenewo ndinayatsa ndine.)

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinasinthiratu pomwepo. Koma ndili chiimire pambali pawo, manyazi ali mpaka m'zikhadabo, maso anga anali akugwira ntchito yawo osandipempha. Anawerenga mbuzi. Anawerenganso kachiwiri. Makumi awiri ndi zitatu.

Ndinayesa kuyang'ana kumwamba, ndinayesa kuyang'ana nsapato. Sizinatheke.

"Mayi," ndinanong'ona, "imodzi ikusowa. Ya a Mariya Tebulo."

Mayi Nkhoma anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Pakamwa muli napo," anatero. "Eni ake ndi awo."

Ndinasiya chifailo pampando. Ndinapita kwa mayi Mariya, ndinagwada, ndinapereka moni wathunthu, wofunsa ndi ana omwe. Ndinatchula dzina langa, kumene ndimagwira ntchito ndi mudzi umene ndinakulira. Kenako ndinafunsa za mbuzi.

"Oo, imeneyo? Yaswa m'mawa uno. Tiyeni mukaone."

Kuseri kwa nyumba yawo, pa udzu wouma, panali mbuzi ikunyambita tiana tiwiri tonjenjemera miyendo. Ndinawayamikira mayi Mariya, ndinayamikira mbuziyo, ndinanena mawu onse abwino amene munthu amanena. Ndipo mayiwo atangotembenuka kuti akatenge madzi, ndinawerama msangamsanga n'kutembenuza khutu la mbuziyo kuti ndione nambala.

Nditadzuka ndinapeza mayi Nkhoma ataima pakona pa nyumba, manja ali m'chiuno.

"Yagwirizana?"

"Yagwirizana, mayi."

"Ndiye kalembeni," anatero. "Masamba anayi."